Ulemu Upite kwa Chingerezi Chosamveka cha pa Foni

Ku Likangala kuli mphunzitsi amene boma silinamulembe ntchito, koma wasula anthu kuposa sukulu ya kwacha. Ndi mawu aja amene amayankha foni ndalama zotumizidwa ndi mwana wa kunja zikakakamira panjira: Chingerezi chaliwiro, chopinda lilime, chochokera ku Bangalore kapena ku Manila, kumene makampani ambiri a ku Ulaya ndi America anasamutsira maofesi othandiza makasitomala poona kuti malipiro ndi otsika.

Mawuwa ndi oyenera kuwaombera m'manja, chifukwa amasonkhanitsa mudzi. Pa sikimu ya mpunga, kuitanira anthu kokonza ngalande ndi ntchito yofuna belu ndi chindapusa. Koma mlimi angokwera pachulu kusaka netiweki, kafoni kamabatani atakakweza mawu, anthu amabwera okha: ejenti wasiya kabenchi kake, mnyamata wa Fomu 4 wafika ndi cholembera, mayi wa matemba ochokera ku Kachulu watula dengu. Wa kutsidya akalankhula, onse amaweramira pamodzi. Akamaliza, aliyense wamva zake.

"Akuti mutchule tsiku lobadwa, agogo."

"Ayi, akuti mudikire masiku atatu!"

Agogowo, amene sanagwadirepo munthu pa nkhani ya madzi a m'munda mwawo, amavula chipewa n'kuuza foni mofatsa kuti, "Pepani bambo, tabwerezaninso."

Chinanso chotamandika n'chakuti Chingerezichi sichikondera. Nayenso wa kutsidyayo thukuta lili kamukamu. Wapempha kuti amutchulire zilembo za dzina la Likangala, ndipo wakumana ndi lilime limene kwa ilo L ndi R ndi ana a mimba imodzi. India analandira ufulu mu 1947, Malawi mu 1964, onse kwa Mngelezi yemweyo, ndipo lero adzukulu awo akukanika kumvana m'chilankhulo chimene anawasiyira. Mwini wake ali phee ku London, osalipira ngakhale yuniti imodzi.

Akuluakulu a kuno si achilendo ku malilime olemera. Alangizi a ku Taiwan amene anathandiza pa ulimi wothirira m'derali ankalankhulanso Chingerezi chawochawo, koma anali ndi manja: ankalowa m'matope, kutenga mbande, kuonetsa kaokedwe. Pamsika Mlomwe, Myao ndi Mnyanja amatsatsana malonda mpaka kugwirizana mtengo. Foni yokha ndiyo inachotsa manja ndi nkhope n'kusiya khutu lizivutika palokha, ndipo khutulo lakhwima zedi.

Tsoka ilo, mphunzitsiyu akufuna kumupumitsa. Mu 2025 kampani ya ku France ya Teleperformance, imodzi mwa zikuluzikulu pa ntchito yoyankha mafoni, inalengeza kuti iyamba kugwiritsa ntchito makina a kampani ya Sanas osalaza katchulidwe ka antchito ake a ku India pomwe akulankhula, kuti kasitomala azimva mosavuta. Kasitomala amene ankamuganizirayo ndi wa ku Texas, osati wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Makinawo amasita mawu a mbali imodzi yokha. Chingerezi cha agogo chidzapitabe ku Bangalore chili chosasita, mayunitsi akudyeka, ndipo mnyamata wa Fomu 4 adzalandirabe kambale kake ka mpunga ngati malipiro a womasulira.