Mlandu wa Seva Yokana Kudzuka

Bwalo linadzaza pansi pa kachere. Woimbidwa mlandu, a Nginx, anachita kuwabweretsa pa wilibala poti kuyambira Lachisanu sanadzuke. Wodandaula anali mnyamata wa IT, maso ali psuu ndi tulo.

"Gogo Chalo," anayamba atawomba m'manja, "ine ndinangokhudza pang'ono fayilo ya nginx.conf, n'kulamula restart. Basi, webusayiti yonse zii! Abwana akundiimbira foni usiku ndi usana. Apa pali dzanja la munthu."

Amayi ena kumbuyo anali atayamba kale kunong'onezana za sing'anga.

"A Nginx, mwamva. Mukutipo bwanji?" inafunsa mfumu.

"Zikomo Chalo. Ine kwathu ndi ku Russia, bambo anga ndi a Igor Sysoev, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba mu 2004. Mwambo wakwathu ndi wakuti malamulo monga listen ndi root azitsekedwa ndi semicolon. Achimwenewa analemba root n'kusiya chitseko pululu. Ndikudikira kadontho kamchirako, ndinangogundana ndi }. Kodi ndikanalota?"

Nduna inaitana mboni, agogo a error.log, amene amakhala ku /var/log/nginx. Anafika ndi ndodo, atakwiya.

"Zonse ndinalemba: dzina la fayilo, nambala ya mzere. Mwanayu anapondako kwanga? Ayi. Anathamangira ku YouTube, n'kumakopera malamulo a anthu osawadziwa mpaka tambala kulira."

"Safunsa anadya phula," inatero nduna, bwalo lonse n'kufa nalo phwete.

Apa m'pamene mlandu unabala mwana, monga imachitira milandu yakumudzi. Mnyamatayo anaulula kuti Loweruka, atathedwa nzeru, anazimitsa makina onse n'kuwayatsanso. Semicolon ija anadzaiona pambuyo pake, koma ataibwezera a Nginx anakanabe.

"Ndikanadzukira kuti?" anadandaula a Nginx. "Ndinapeza pa port 80 pali kale munthu akulima. Ndinakuwa kuti Address already in use, palibe anandimva."

Wolimayo anali a Apache, amene mnyamatayo anawaika m'makinamo kalekale n'kuwaiwala. Makina atayaka anadzuka nawo limodzi. Anaimirira mwaulemu wachikulire, akukonza jekete.

"Chalo, ine ndi wa 1995, awa ndi ana kwa ine. Ndinapeza munda uli thengo, mwiniwake ali mtulo. Ndinalakwa kugwira khasu?"

Kunena zoona, mkuluyu mfundo anali nayo. Pa adiresi imodzi, port imodzi salima anthu awiri, ndipo makina safunsa kuti mundawo unali wa agogo a ndani. Wofika msanga ndiye mwini.

Mfumu inapatuka ndi nduna zake kuseri kwa nkhokwe, n'kubwerako ndi chigamulo.

"A Nginx alibe mlandu, ndipo za ufiti zithere pomwepa. A Apache, samukirani ku 8080, apo ayi mupume osadzukanso ndi makina. Iwe mwana wanga, usanasinthe fayilo uzisunga kope lake. Ukasintha uzilemba nginx -t, akuuze okha pamene palakwika. Ndipo uzilamula reload, chifukwa fayilo ikakhala yolakwika a Nginx amapitiriza ntchito ndi malamulo akale, pomwe restart imawagoneka kaye n'kuwadzutsira pa zolakwika zakozo. Lachisanu madzulo manja ako asayandikire seva."

Chindapusa chinali mbuzi imodzi ya bwalo, ndi nkhuku yoyera yopepesera agogo a error.log, zonse zifike mwezi usanathe.