CJ sadafikebe kumaliro

Kunja kuno kuli anthu a madigiri amene ntchito yawo ndi kufufuza magemu a pakompyuta, ndipo kumapeto kwa mwezi amalandira. Espen Aarseth wa ku Norway ndi anzake adayambitsa magazini ya Game Studies mu 2001, mkangano nkukula: kodi gemu ndi nthano kapena ndi masewera chabe? Kwa Nchema mlanduwu udaweruzidwa pakhonde.

Mdzukulu wina ankasewera GTA San Andreas pafoni, gemu ya Rockstar ya 2004. Agogo adasuzumira.

"Wavesiti yoyerayu ndani?"

"Ndi CJ, agogo. Wabwera kwawo ku Los Santos, mayi ake amwalira."

Agogo adakhala pansi, dzanja pachibwano, kudikira mwambo wa maliro. Koma CJ ali kalikiliki kupalasa njinga ya eni, kudumpha mipanda, kuthamangitsana ndi apolisi.

"Nanga kusiwa afikako liti?"

"Mishoni imeneyo ndipanga mawa."

"Iiii! Ameneyu ndiye wadya mayi ake. Kawauzeni amfumu."

Clint Hocking, wopanga magemu, adalemba za vuto lomweli mu 2007 pounika BioShock, kuti nkhani imaloza uku pamene zala za wosewera zikulowera uko. Iye adadzaza masamba. Agogo sadamalize ndi chikho cha thobwa chomwe.

Henry Jenkins naye adalemba mu 2004 kuti opanga magemu amabisa nthano m'malo enieniwo, m'misewu, m'nyumba ndi m'zinthu zosiyidwa, wosewera nkumadzilumikizira yekha. Nditawafotokozera akuluakulu a pabawo, mmodzi adaseka mpaka kumwaza nkhomo.

"Zimenezo mpaka kuyunivesite? Njinga ya munthu ikangogona kuseri kwa nyumba yosakhala yake, pofika m'mawa amayi a pamjigo amakhala atawerenga buku lonse, ndi gawo lachiwiri lomwe."

Mdzukulu uja amadzitama kuti m'gemumo adakwera phiri la Mount Chiliad nkudumpha ndi parachuti. Phiri la Chiradzulu, lomwe lili m'boma lake lomweli, sadalipondepo. Mayi ake atamutuma kuchigayo, adayankha kuti nkutali.

Akuti m'magemu otere upita kulikonse kumene ufuna, palibe malire. Bodza. Malire ake ndi batire. Ikangofika 3 peresenti, Los Santos yense amatsekedwa, mwini dziko nkuyamba kupempha ndalama yotchajitsira pa sola ya pagolosale.

Ofufuza inu, bwerani kwa Nchema. Mutenge pawabanki, ndi kachipepeso ka CJ.