Alamu, Phunziraniko Kuchotsera

Diepsloot,
Johannesburg.
Julaye 2024

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira nonse ku Tengani muli bwino: inuyo, mlongo wanga, ana, ndi mbuzi zanga zomwe ndamva kuti zikutha ndi afisi. Afisi ake odziwa kumasula chingwe n'kutsekanso khola, amenewo ndiye achilendo. Ine kuno ndili bwino, kuzizira kokha ndiye kwandigwira pakhosi.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva. Mwati mwawerengetsera ndipo mwapeza kuti mlamu wanu ndi mpondamatiki. Masamuwo simunalakwitse. Lamulo la kuno likuti kuyambira Malichi chaka chino munthu asalandire zochepera R27.58 pa ola, ndiye pamwezi zimayandikira R4,800. Mukachulukitsa ndi K95 ya kubanki ija zikupitirira K450,000, pomwe kwathu boma linakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a K90,000 pamwezi mu Febuluwale. Choncho mwagamula kuti ndimadya malipiro a anthu asanu, ndipo ndikugulireni malata, njinga yamoto ya kabaza ndi foni ya mlongo wanga. Vuto lanu, Alamu, kusukulu munangokonda kuchulukitsa. Tsiku limene aphunzitsi ankaphunzitsa kuchotsera munali ku Shire kokawedza.

Tiyeni tichotsere limodzi. Papepala lamulolo ndi la aliyense, koma bwana akangomva kuti ndiwe wa ku Malawi amamwetulira n'kunena kuti Amalawi ndi anthu okhulupirika. Mawu okomawo amawadula pamalipiro. Ukadandaula amakufunsa za pasipoti, iwe n'kukumbukira Lindela, kumene amasungirako anthu asanawabweze kwawo, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Za malata musandiuze. Inu mukufuna a denga lokha, ine ndili nawo denga ndi makoma omwe. Nyumbayi kuno amati mkhukhu, ndipo ndimalipira mwezi ndi mwezi kwa mayi wina amene sadwala tsiku lotolera lendi. Chimbudzi n'chimodzi mzere wonse, mmawa timadziwana nkhope. Tsono kuzizira! Ine mwana wa kuchigwa, wokulira pamphasa panja mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, udzudzu ukuimba kwaya. Chaka chatha mu Julaye kuno kunagwa chipale chofewa, eni dziko akujambulana zithunzi, ine ndili m'bulangete kulapa machimo. Kutentha komwe inu mumatukwana tsiku ndi tsiku, ine ndimagula pa lita, n'kuthira m'chitofu cha parafini.

Nsima ilipo, amati papa, ufa wake woyera bwino ndipo susowa m'sitolo. Ndiwo zathu ndi mitu ndi zipalapasiro za nkhuku. Thupi la nkhukuyo limapita ku Sandton. Musaseke, kunonso kuli msewu wa M1 ngati wodutsa pa Tengani uja, koma wakunowu mbali ina kuli Sandton, nyumba zagalasi zofika kumitambo, mbali inayo kuli Alexandra, mikhukhu yothinana ndi makoswe onenepa. A World Bank amati palibe dziko lina lomwe olemera ndi osauka anatalikirana chonchi. Ndiye akamati munthu wa ku Joni amapeza zambiri kuposa Mmalawi, muzifunsa kuti wa mbali iti ya msewu. Bonongwe yemwe mlongo wanga amazula ndi mkwiyo kudimba, kuno ndi wogula. Masau, malambe, therere, chilichonse n'chogula. Ukapita kwa mnzako nthawi ya nkhomaliro amakupatsa moni pakhomo, mbale ali atabisa kale.

Koma ndisakunamizeni kuti kwathu ndiye kumwamba. Zina kuno n'zoona. Agogo a kuno boma limawapatsa ndalama zopitirira R2,000 mwezi uliwonse, osadikira kuti amfumu awalembe pa Mtukula Pakhomo. Nzika yosowa ntchito imalandira R370. N'zochepa, inde, ndipo osowa ntchitowo ndi munthu mmodzi mwa atatu alionse, n'chifukwa chake ena akationa ife amatupa mtima ndi kuyambitsa magulu onga Dudula. Komabe ndalamayo imabwera. Magetsi atavuta mu 2023, kuzima maola angapo patsiku, anthu kuno analira ngati kwagwa maliro a mfumu. Ine ndinkangowayang'ana. Ndinawauza kuti kwathu nyumba zambiri magetsi sanazimepo n'kamodzi komwe, iwo n'kumasirira, osadziwa kuti waya wake sanafikeko.

Chinanso, randi ukaisunga pansi pa pilo, mmawa umaipeza ili yomweyo. Kwacha yathu mu Novembala 2023 inagona yonenepa n'kudzuka itatsika ndi 44 peresenti. Onjezanipo namondwe Freddy mu Malichi chaka chomwecho, madzi atakokolola minda ndi ziweto, kenako ng'amba ya chaka chino mpaka a Chakwera kulengeza kuti maboma 23 ali pangozi, Nsanje ili momwemo. Ndamva kuti anthu ayambanso kulowa m'madambo kukafukula nyika, ng'ona zili pomwepo. Pamenepo, Alamu, nthabwala zimandithera, ndipo ndi chifukwa chake ndikupirirabe mumkhukhu muno. Inu muli ndi malo, dzuwa ndi abale koma mulibe ndalama. Ine ndalama imandidutsa m'manja mwezi uliwonse, moni wokha n'kupita.

Mwati mukufuna kubwera. Bwerani, msewu ndi womwewo: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka Park Station. Koma mudziwe kuti kuno kulibe kukhala pansi pa mtondo kusewera bawo mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo bedi langa ndi la munthu mmodzi, wowonda.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru m'dzina la mlongo wanga, osati lanu, zifukwa mukuzidziwa. Agule chimanga ndi mapira, yotsala alipirire ana kusukulu. Malata adikire. Mukapeza munthu wokwera basi, munditumizire makakana ouma ndi ufa wa mapira pang'ono, mumange bwino kuti apachipata asamve fungo.

Chomaliza, galimoto yofiira yomwe ndaitsamira pa chithunzi cha pa Facebook ija ndi ya abwana, ndinali nditangomaliza kuitsuka. Inu dziwani zimenezo, koma kwa makolo a mtsikana wa ku Bangula uja musakatchule kanthu mpaka ukwati utachitika.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni.