A msungichuma, ndalama zikasowa funsani akatswiri a nyenyezi

Inu a msungichuma a banki m'khonde, kuyambira ku Mandimba mpaka ku Massangulo, nthawi yogawana yayandikira, koma zolembedwa m'kope sizikugwirizana ndi zili m'bokosi. Musathawire ku Chiponde usiku pa kabaza. Akatswiri a zakuthambo masamu awo akhala osakwana kwa zaka zoposa 150, koma malipiro akulandirabe.

Musavomere kuti china chasowa. Nenani kuti chilipo, kungoti sichioneka. Pulaneti ya Uranus itayamba kuyenda mosemphana ndi masamu a Newton, Urbain Le Verrier wa ku France anati pali pulaneti ina yobisika imene ikuikoka. Mu 1846 anthu analoza makina oonera kutali pamene iye ananena, n'kupezadi Neptune. Bamboyo atalawa kukoma anabwerezanso mu 1859 pa Mercury, ndipo pulaneti yachiwiriyo inapatsidwa dzina lakuti Vulcan. Mpaka lero palibe anaionapo, koma dzina la Le Verrier linalembedwabe pa Eiffel Tower.

Njira imeneyi sinathe ntchito. Fritz Zwicky mu 1933, kenako Vera Rubin m'ma 1970, anaona kuti milalang'amba ndi nyenyezi zake zikuthamanga kwambiri moti zikanamwazika kalekale. Yankho lake? Pali chinthu chosaoneka chotchedwa dark matter chimene chikuzigwira, ndipo n'chochuluka kasanu kuposa zonse zooneka. Palibe anachigwirapo m'manja. Auzeni mamembala kuti pa 100 metikali iliyonse ili m'bokosi pali 500 ina yamdima, asadere nkhawa.

Amayi apampando akakwinya nkhope, lozani chala lamulo. Za Mercury zija anadzamasula ndi Einstein mu 1915, posonyeza kuti lamulo la Newton ndilo linali loperewera. Mu 1983 Mordehai Milgrom nayenso anati mphamvu yokoka imasintha khalidwe ikafooka kwambiri. Inunso nenani kuti kuwonkhetsa kumasintha munthu akayandikira malire. Amene anasinthitsapo makwacha pa boda sangakutsutseni.

Koma chida chachikulu ndi makope awiri. Asayansi ali ndi buku la Einstein la zinthu zikuluzikulu ngati nyenyezi, ndi buku la quantum la tinthu tating'onoting'ono ta mu atomu. Lililonse palokha silinalephereko mayeso. Kuwaphatikiza, masamu amatulutsa nambala zopanda malire. Buku lachitatu loyanjanitsa awiriwa, lotchedwa quantum gravity, akulifunafuna kuyambira m'ma 1930. Ena, a string theory, amati chilengedwe chili ndi mbali 10, pamene ife timadziwa utali, mulifupi, msinkhu ndi nthawi basi. Zotsalazo zinapindika pang'ono kwambiri moti sizioneka. Pali malo abwino osungirako ndalama za gulu kuposa amenewa?

Kunamizira alendo kumathandizanso. Chinthu chotchedwa 'Oumuamua, chimene chinaoneka mu 2017, chitawonjezera liwiro pang'ono, Avi Loeb wa ku Harvard anati mwina ndi chombo cha zolengedwa za kwina, ndipo buku lake linagulidwa kwambiri.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: makope akale. Zombo za Pioneer 10 ndi 11, zimene NASA inatumiza mu 1972 ndi 1973, zinkatsalira pang'ono poyerekeza ndi masamu, ndipo anthu analemba mapepala ambirimbiri kuti sayansi yatsopano yabadwa. Kenako gulu la Slava Turyshev linafukula zolembedwa zakale, n'kuwerengera chimodzichimodzi. Mu 2012 zinadziwika kuti kutentha kotuluka m'zombo momwemo ndiko kunkazikankhira m'mbuyo. Choyambitsa chinali m'nyumba.

Choncho pagulu panu pakakhala mayi wina amene amasunga kope lakelake ndipo amabwera ndi cholembera pamsonkhano, iwalani zonse ndanenazi. Kagulitseni mbuzi yanu Loweruka lisanafike.