Mandasi Pakati pa Ndime

Mwana wa mlongo wanga, wa ku koleji, ndiye anabwera ndi nzeruyi. Akuti amalume, anzanu akudyera zolemba zawo pa intaneti, inu mukungotha malovu pa bawo. Pompo anandiikira kapulogalamu kolowetsa malonda m'nkhani zanga popanda ine kukhudza kanthu. Umangokauza kuti malonda ena abwere ikatha ndime yachitatu, ena pakati, ena kumapeto. Kamatsatira ndithu, koma maliro ndi ukwati kwa iko n'chimodzimodzi. Kamangowerenga ndime.

Ndinalemba za imfa ya agogo athu, misozi ili chuchuchu. Ndime yachitatu inathera pa mawu akuti "tinawagoneka mwaulemu," ndipo pansi pake panatulukira matiresi ofewa otsitsidwa mtengo. Azakhali anaimba foni usiku womwewo. Ndinkati andilalatira, koma iwo amafunsa ngati matiresiwo amafika ku Dedza.

Za ndalama ndiye tikambe motsitsa mawu. Google AdSense, yomwe imabweretsa malondawa ndipo inayamba mu 2003, imatumiza malipiro zikakwana madola 100. Zikafika madola 10 amayamba akutumizira nambala yachinsinsi pa positi kuti atsimikize komwe umakhala. Ine bokosi la positi ndilibe, choncho ndinalembetsa la tchalitchi. Pano abusa akandiona amafunsa ngati kalata ya ku America yafika, maso ali pa chakhumi. Kudina wekha malonda ako n'koletsedwa, akhoza kukutsekera. Chichewa nachonso sichili pa mndandanda wa zilankhulo zawo, ndiye ndimalemba Chingerezi changa cha Fomu 2, chimene ngakhale mwini wakene ndikachiwerenga mawa lake ndimafuna womasulira.

Ndime zanga zafupika kuti malonda achuluke, ndipo matendawa alowa mpaka m'kamwa. Pa msonkhano wa banja Loweruka lapitali ndinayankhula ziganizo zitatu n'kukhala chete, kudikira malonda. Mayi a kunyumba sanachedwe: "Mandasi otentha alipo, abale, beseni lili pakhondepo!" Ndinapitiriza, n'kuimanso. "Zitumbuwa ziliponso!" Pomwe ndimamaliza mfundo yanga ya malire a munda, beseni linali mbee, ndipo palibe anakumbukira zomwe ndinanena.

Madzulo ndinawapempha gawo langa, poti malo oikapo malonda ndinapereka ndine.

"Musadandaule, bambo a ana," anatero akumanga ndalama pa chitenje. "Ndakusungirani. Zikakwana madola 100 ndikutumizirani pa positi."