Malume, chitsulo chimafuna epoxy

Okondedwa Malume,

Landirani moni kuchokera kuno ku Joni, kumene abale kumudzi amakhulupirira kuti munthu akangotsika basi pa Park Station amapatsidwa chikwama cha ma rand. Uthenga wanu ndaumva. Hiace ija yadyedwa ndi dzimbiri, amisiri anu awiri akukangana, wina akuti mugule primer ya epoxy, wina akuti ya urethane, ndipo ine ndiweruze mlanduwo ndi kulipiranso chindapusa chake. Chigamulo changa ndi ichi: paliponse pamene mwapala mpaka chitsulo kuoneka, payambe epoxy. Urethane ibwere pamwamba ngati thumba lalola. Thumba likakana, imene itsale m'sitolo ndi urethane.

Chifukwa chake n'chakuti ziwirizi sizigwira ntchito imodzi, ngakhale zonse amazisakaniza ndi hardener. Epoxy imakakamira pachitsulo n'kutseka kuti madzi ndi mpweya zisachikhudze, ndipo dzimbiri popanda awiriwa silibadwa. Urethane, imene kuno amangoitchula kuti 2K, ntchito yake ndi kukongoletsa. Ndi yokhuthala, imakwirira mikwingwirima ya sandipepala, imauma msanga, ndipo poipala imafewa moti mmisiri amapala akuimba nyimbo. Koma chinyontho siitchinga mofanana ndi epoxy, n'chifukwa chake zitini zambiri za urethane zimalembedwa kuti pachitsulo chosavala pafunika kuyamba china. Kuthira urethane yokha pamenepo kuli ngati kudzola mafuta osasamba: tsiku loyamba anthu akuyamikirani pa depoti, koma mvula ikagwa kawiri katatu penti iyamba kutuluka matuza m'mphepete mwa matayala ndi pansi pa chitseko chokoka chija, ndipo kondakitala wanu adzakhala ndi chochita akasowa anthu, kumaphulitsa matuzawo ndi chala.

Ndikudziwa zimene mmisiri wa urethane anene. Ati epoxy imavuta kupala, imamata sandipepala, ndiponso imachedwa kuuma makamaka kukazizira, monga mu June. Zonsezo ndi zoona, koma taonani amene akuvutika ndani. Kuvuta kupala ndi vuto la mkono wake kwa masiku awiri, pamene dzimbiri ndi vuto la thumba lanu kwa zaka. Komanso epoxy sayithira kuti aziipala. Ili ndi nthawi yake, yolembedwa pachitini, imene urethane imagwira pamwamba pake popanda kupala konse. Akaiphonya nthawiyo chifukwa anapita ku maliro, ndiye apale pang'ono, osakulipiritsani maliro amenewo. Musalolenso kuti galimoto ikhale padzuwa miyezi ili ndi epoxy yokha, poti dzuwa limaifwifwitsa mpaka kumatuluka fumbi ngati yadwala.

Atinso dzimbiri ndi nkhani ya ku Durban, kumene mphepo ya kunyanja yamchere imadya magalimoto, osati kwathu. Muwafunse kuti nanga limene ladya Hiace yanulo linabwera ndi pasipoti? Mchere umangofulumizitsa zinthu. Kwathu mvula imayamba cha mu November mpaka April, matope amamatirira kunsi kwa galimoto n'kusunga chinyontho sabata zathunthu, ndipo minibasi imanyamula matumba a feteleza ndi nsomba zodontha madzi, zinthu zimene chitsulo sichigwirizana nazo. Ndivomera chimodzi chokha: pamene penti yakale ili yolimba ndipo chitsulo sichinaoneke, urethane yokha ikwana, musawononge ndalama. Koma epoxy nayo si sing'anga. Mukaithira pamwamba pa dzimbiri, dzimbirilo lipitiriza kudya mkati mwakachetechete. Lipalidwe lonse, ndipo pamene pabooka adule n'kuwotcherera chitsulo china, osati kutseka ndi nyuzipepala ndi filler.

Chomaliza, hardener wa urethane ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amawononga mapapo n'kuyambitsa mphumu. Kampango komanga pamphuno sikatchinga kanthu, ngakhale kapu ya mkaka imene amisiri amamwa akamaliza. Mnyamata wopoperayo avale chigoba chenicheni chopumira, ndipo ana asaonerere. Ndalama ya epoxy ndi chigobacho nditumiza mwezi ukatha. Ya urethane mufunse achimwene a ku Cape Town, amene pa Facebook akuoneka kuti zinthu zikuwayendera.

Mupereke moni kwa azakhali.

Ine mphwanu wa ku Joni