Inchi imodzi yokha basi?

Ndili ndi funso kwa inu odziwa za ndege, mundithandize. Kandege kakamanyamuka pabwalo lafumbi, pulopela imakoka timiyala, nsonga yake n'kubenthuka. Chikuletsa n'chiyani kungodulako kansongako, kudulanso mbali inayo kuti zilingane, ulendo n'kupitirira?

Ku America, bungwe loyang'anira za ndege la FAA limasunga chikalata cha mtundu uliwonse wa ndege yovomerezeka, chomwe amachitcha TCDS. Pa Cessna 172N, yokhala ndi pulopela ya McCauley, chikalatacho chimati kuchokera nsonga iyi kukafika inayo pasapitirire mainchesi 75, pasacheperenso 74. Ndiye kuti theka la inchi uku, theka uko, kwatha. Pa Piper Cherokee 180 mpata palibiretu: pulopela ya Sensenich ikhale mainchesi 76, osachotsapo kanthu. Bwanji ndege ziwiri za mipando inayi, zosasiyana kwenikweni msinkhu, zili ndi malire osiyana chonchi?

Akuti nkhani yagona pa kunjenjemera. Woimba sansi amadziwa kuti akafupikitsa kachitsulo kamodzi, mawu ake amakwera. Pulopela ya aluminiyamu nayo ili ndi kanjenjemeredwe kakekake, ndipo injini imaigunda nthawi iliyonse mafuta akaphulika m'silinda. Ziwirizi zikakumana, chitsulo chimapindikapindika mosaoneka ndi maso mpaka kutopa. Mng'alu umayambira pakabenthu kaja. Nsonga ikathothoka m'mwamba, mbali imodzi imalemera kuposa inzake, ndipo kugwedezeka kwake kungathe kuzula injini pamalo pake. Mu 1969 FAA inalamula kuti ena mwa mapulopela a Sensenich a mainchesi 76 asamazungulire nthawi yaitali pakati pa maulendo 2150 ndi 2350 pa mphindi. Izi zimandiopsa ndithu. Kodi ndiye kuti malire aja ndi pomwe opanga anayeza n'kupeza kuti zili bwino, ndipo kupitirira pamenepo palibe amene akudziwa? Ngati ndi choncho, ine lamuloli ndagwirizana nalo.

Chinanso ndamva n'chakuti pulopela yofupika simaluma mpweya wambiri, motero injini imathamanga kuposa muyezo. N'chifukwa chake kodi chikalata chomwechija chimatchulanso liwiro la injini ndege ili chiimire pansi?

Koma pali pena pomwe mutu wanga waima. Malamulo a FAA, gawo 43, amaika kufupikitsa pulopela m'gulu la ntchito zikuluzikulu, ndipo gawo 65 limaletsa makaniko wa ndege kugwira ntchito yotere papulopela, ngakhale ali ndi laisensi yokonza injini. Iyenera kupita kwa opanga kapena kumalo ovomerezeka okonzera mapulopela. Komabe makaniko yemweyo amaloledwa kutenga tupa n'kusalaza kabenthu kakang'ono, kuzunguliza m'mbali mwake kuti pasatsale pakuthwa, n'kupakapo utoto. Chaka chino apalapo pang'ono, chaka chamawa mwala wina, tupa linanso. Pakutha kwa zaka khumi, chitsulo chomwe chachoka kunsonga chija si kufupikitsa komweko? Kusalaza kumathera pati, ndipo kudula kumayambira pati? Nanga pa Cherokee ija, yomwe siloledwa kutaya ngakhale theka la inchi, makaniko akapeza kabenthu pansonga penipeni, achite chiyani?